Mwendo wa Mzime si Mimba ya Ng'ombe

Atate wanga olemekezeka,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa Amayi mwaulemu wonse woyenera mwana. Kodi moyo uli bwanji masiku ano? Msana uja unakusautsani m'nyengo yozizira, kodi wakumasulani? Nanga Amayi, mapiritsi a kuthamanga kwa magazi akumwa mokhulupirika, kapena akuwasungabe m'kabati kudikira tsiku limene adzadwale kwenikweni? Ife kuno tikupuma. Mpongozi wanu ali bwino, adzukulu anu akupita kusukulu, ndipo ine ntchito ndikugwira monga kale.

Mudabwa kuti ndatenga cholembera pamene foni ili m'thumba. Chifukwa chake nachi. Pafoni inu mumayankhula, ine ndimavomera, ndipo ikafika nthawi yakuti ndinene zanga mumati mayunitsi akutha. Pepala lilibe mayunitsi. Ndikupempha kuti muliwerenge kufikira kumapeto, muli chikhalire, musanayankhe kanthu. Mukafuna kuling'amba, muling'ambe mutamaliza.

Nkhani ndi ya mzime wanu. Ali moyo. Anatuluka m'chipatala, ndipo ndinamuchotsa m'kachipinda kake ka lendi, tsopano akukhala m'nyumba mwanga. Koma zimene Amayi anauzidwa, zakuti anagonekedwa chifukwa cha malungo, si choonadi chonse. Tinatero kuti mtima wawo usadumphe. Inu ndikuuzani zonse, pakuti inu muli m'kati mwa nkhaniyi.

Mukudziwa kuti mwendo wake wamanzere unayamba kutupa chaka chatha. Ntchito yake yometa anthu ndi yoimirira kuyambira m'mawa kufikira madzulo, choncho iye ankati n'kutopa chabe. M'mawa phazi linkalowa mu nsapato, madzulo nsapato inkakana kuvuka. Munthu akadina ndi chala pamwamba pa kakolo, pankatsala kadzenje ngati pa dothi lonyowa. Nthawi zina mwanabere ankatuluka m'mphechepeche, thupi n'kutentha, iye n'kugula mapiritsi a malungo pagolosale. Anasoketsa mathalauza otakasuka kumiyendo, ndipo makasitomala ankamuseka kuti wafukula fasho ya agogo ake. Iye ankaseka nawo.

Kenaka anakuimbirani inu, pokhulupirira luso lanu lochiza ziweto. Zimene munamuuza wandifotokozera yekha, ndipo ngati wanama mudzandikonza. Akuti munamufunsa ngati potupapo pali pofewa, iye anavomera. Munati amenewo ndi madzi osowa khomo, ndipo chotupa chilichonse pansi pano chimangofuna khomo. Munamulamula kuti amange chingwe cha mphira pansi pa bondo, atenge lumo latsopano, acheke pamene patupa kwambiri, afinye kufikira mwendo utaphwa, kenaka athirepo sipiriti.

Wometa sasowa lumo, sasowanso sipiriti. Masana ena mnzake atapita kukadya, anatseka chitseko cha babashopu, anakhala pampando wa makasitomala, n'kuika phazi pabenchi, pansi pali tsitsi la anthu losasesa. Anachita zonse monga munanenera. Madzi amene munalonjeza sanatuluke. Panatuluka magazi pang'ono ndi timadontho toyera, ndipo timadontho timeneti sitinaleke, tinkangonyowetsa sokosi tsiku lonse. Mwendo sunaphwe. Anavala nsapato, anatsegula chitseko, napitiriza kumeta. Sanauze munthu.

Patapita masiku owerengeka, ndili pa ntchito yanga yomasulira m'khoti pakati pa mlandu, mlonda anandinong'oneza kuti panja pali munthu wovala epuloni amene akukana kuchoka. Anali mnzake wometa naye uja, amene anthu amamutcha Sizasi chifukwa pakamwa pake sipatseka. Tsiku limenelo Sizasi analibe nthabwala. Anangoti, achimwene tiyeni, mnzanga sakundizindikira. Ndinapempha woweruza kuti andimasule, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire ntchito imeneyi.

Ndinamupeza mwana wanu ali gone pabenchi, atafunda nsalu zonse zofunditsa makasitomala, dzuwa lili pamutu, iye mano akugundana. Mwendo unali wofiira, wonyezimira, wotentha ngati simbi. Mzere wofiira unali utakwera m'ntchafu, ndipo mwanabere anali ngati dzira la nkhuku. Nsapato tinachita kuidula ndi sizasi. Nditamuitana anandiyang'ana osandidziwa, n'kundiuza mwaulemu kuti ndikhale kaye pabenchi, pali anthu ena patsogolo panga.

Kuchipatala anamuika diripi ndi kumubaya jakisoni pa jakisoni. Dokotala wake ndi mayi wochepa thupi, wosataya mawu. Ananena kuti tizilombo tinalowa pamabala aja ndipo tinali paulendo wopita m'magazi, ndipo tikanachedwa pang'ono bwenzi tikukambirana nkhani ya mtundu wina. Mzime atatsitsimuka, dokotala anamufunsa amene anamucheka. Iye anati anagwera pa lata. Dokotala anayang'ana mabalawo, n'kunena kuti lata limenelo liyenera kuti linapita kusukulu, popeza linacheka mizere yowongoka, yotalika mofanana, yotalikirana bwino. Anafunsanso kachiwiri. Mzime anangoyang'ana kudenga. Dzina lanu silinatuluke pakamwa pake, ndipo silinatulukenso pakamwa panga.

Ntchito yanga mumaidziwa, ndi kumasulira mawu a anthu pamaso pa woweruza, osawonjezera, osachotsera. Ndinapempha dokotala kuti andifotokozere nthendayi pang'onopang'ono, ndipo ndinamufunsa mafunso kufikira anandifunsa ngati ndine loya. Zimene ananena ndazilemba apa mwadongosolo, chifukwa ndikudziwa kuti inu simumvera lamulo lopanda chifukwa chake.

Kupatula mitsempha ya magazi, m'thupi muli tinjira tina topyapyala tonyamula madzi oyera. Madzi amenewa amachokera m'magazi kukanyowetsa mnofu, ndipo tinjirati timawatola, n'kuwakweza kuchokera kuphazi kupita kumtunda, kudutsa mwa anabere a m'mphechepeche, kumene amasefedwa, kufikira atabwerera m'magazi. Anabere amenewa inu mumawadziwa kuposa ine, pakuti ndi amene munkayamba kucheka poyeza nyama yophedwa. M'kati mwa tinjirati muli tizitseko totsegukira mbali imodzi, kuti madzi amene akwera asabwerere pansi.

Tsono pali mtundu wa nyongolotsi umene umafalitsidwa ndi udzudzu. Udzudzu ukaluma munthu amene ali ndi ana a nyongolotsizi m'magazi, umawatenga, amakula pang'ono m'kati mwake, ndipo ukaluma munthu wina umawasiya pakhungu, iwo n'kulowa pamene walumapo. Kulumidwa kamodzi sikukwanira. Pamafunika kulumidwa kambirimbiri kwa nthawi yaitali, n'chifukwa chake dokotala akuganiza kuti mzime anazitenga ali mwana, ndipo zinakhala chete zaka zonsezi. Zikalowa zimakakhazikika m'tinjira tija, zimakula kufikira kutalika ngati chala, kuonda ngati ulusi, n'kumaswana momwemo. Tinjira timafutukuka, tizitseko sitikumananso, ndipo madzi amalephera kukwera.

Izi sindinangomva. Anamuunika m'mphechepeche ndi makina oonera m'kati mwa thupi, ndipo pagalasi la makinawo ndinaona ndi maso anga tinthu tikuphiriphitha osapuma. Mzime anatembenukira kukhoma. Ine ndinayang'anitsitsa, kuti ndidzathe kuchitira umboni kwa inu.

Apa ndi pamene pagona nkhani, Atate. Madzi amenewa sakhala m'thumba limodzi monga mafinya a chithupsa. Amalowerera mu mnofu wonse monga mvula ilowerera m'matiresi. Matiresi onyowa mungawabaye paliponse pamene mufuna, simudzatungamo ngakhale kapu imodzi, mudzangowononga matiresi. Palibe khomo limene lumo kapena chitsulo chingatsegule.

Chachiwiri n'choopsa kuposa choyamba. Madzi oima ndi chakudya cha tizilombo, ndipo mwendo umene tinjira take tawonongeka sutha kudziteteza kapena kupoletsa bala msanga. Kabala kakang'ono, ngakhale mng'alu wa pakati pa zala, ndi chipata chotsegula. Tizilombo tikalowa, munthu amagwidwa monga anagwidwira mzime. Ndipo kugwidwa kulikonse kumawononga tinjira tina timene tinatsala, khungu limakhuthala, limauma, limapindikapindika, limamera tinjerewere, kufikira mwendo utafanana ndi wa njovu, kumene kunachokera dzina la nthendayi m'Chingerezi. Dokotala anati nyongolotsi zimangoyamba ntchito, oimaliza ndi mabala.

Mankhwala alipo, ndipo akumwa. Amapha ana a nyongolotsi ndi kufooketsa zikuluzikulu, koma samanganso tinjira timene tagumuka. Dokotala sanabise. Anati mwendo sudzabwerera mmene unalili paubwana, koma ukhoza kuimitsidwa pamene wafikapa, ukhozanso kuphwa ndithu, munthu n'kumavala nsapato ndi kugwira ntchito moyo wake wonse. Anatisonyeza khwinya limodzi pa kakolo limene panalibe kale, ndi khungu la pamenepo limene layamba kukana chala. Anati chimenecho ndi chimene kugwidwa kumodzi kwasiya, ndipo sichidzachoka. Anawonjezera kuti onse amene anakulira m'nyumba imodzi ndi mzime akhoza kukhala nazo osadziwa, choncho a zaumoyo akamagawa mapiritsi a nthendayi, asapezeke wowabisa pansi pa lilime. Umenewu ndi uthenga wake, ndaupereka.

M'chipatala muja, pabedi loyandikana ndi la mzime panali bambo wina wachikulire amene kale ankanyamula katundu panjinga. Mwendo wake sindidziwa ndiufanizire ndi chiyani. Unali waukulu ngati thumba lodzaza, makwinya akuya moti dzanja likhoza kubisalamo, zala zikungosuzumira pansi. Pousuntha ankachita kuunyamula ndi manja awiri. Koma pakamwa pake panali pathanzi. Iye ankamutcha mzime mng'ono wake, ati popeza onse anabadwa kwa udzudzu umodzi. Anamwino ankawauza kuti asamuwerengere bedi limodzi, iye ndi mwendo wake ndi odwala awiri, aliyense apatsidwe mbale yake. Anatinso akale ananena kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma za kukula mwendo sanasiye mawu, n'chifukwa chake mkazi wake anachoka popanda womudzudzula.

Tsiku lina bamboyo anaona mabala a mzime akutsukidwa, ndipo nthabwala zinamuthera. Anakweza nsalu yake n'kutisonyeza zipsera, chimodzichimodzi. Ichi anacheka ndi amalume ake. Ichi mnzake wa panjinga. Ichi mayi wina wachifundo amene anali atachiritsapo anthu ambiri zithupsa. Anati pambuyo pa chipsera chilichonse ankagona akunjenjemera, ndipo akadzuka mwendo unkakhala utawonjezera. Anamaliza ndi kunena kuti tiyang'ane bwino, pamwendo wonsewo palibe chipsera ngakhale chimodzi chochokera kwa mdani.

Chitulukire m'chipatala, moyo wa m'nyumba muno wazungulira beseni. M'mawa ndi madzulo mwendo umatsukidwa ndi sopo ndi madzi oyera, kenaka umapukutidwa ndi kansalu kofewa, makamaka pakati pa zala ndi m'khwinya lija, kuti pasatsale chinyezi. Timafufuza ming'alu ngati anthu otaya singano, ndipo tikaipeza timapakapo mankhwala. Akakhala pansi, phazi limakwera pampando. Kumiyendo kwa bedi lake ndinaikako njerwa. Amavinitsa phazi kutsogolo ndi kumbuyo monga wopalasa makina osokera, amagona m'neti, ndipo wosoka nsapato wa pakona anamukonzera nsapato ya malamba imene imamasulidwa mwendo ukakula.

Mavuto a m'tauni sasowa. Madzi a pampopi amabwera tsiku limene afuna okha, choncho mpongozi wanu amadzaza zidebe ndi kuwiritsa, ndipo sanadandaulepo ngakhale kamodzi. Ngalande ya kuseri kwa nyumba inatsekeka, udzudzu wamanga mudzi, ndipo mwini nyumba amalonjeza kuikonza nthawi iliyonse tikakumana, kenaka amawoloka msewu akandiona patali. Sizasi anapeza mpando wautali woti mzime azimeta atakhala, ngakhale akuti makasitomala ena akudandaula kuti wometa wokhala pansi amameta ngati akukupatsa uphungu.

Zonsezi zinayamba kubala zipatso. Mabala anauma. Lamba wa nsapato anasunthira pa bowo lam'kati. Mwana wanu anayambanso kuimba mluzu posamba.

Kenaka, Lamulungu lapitali, munaimba foni.

Ndinali m'chipinda chomwecho, ndipo foni yake ndi yofuula, choncho sindikunena zomva kwa anthu. Iye anakuuzani zimene dokotala ananena. Inu munati dokotala wonena kuti chinthu sichichira wangovomera kuti sadziwa ntchito, pakuti chosachira ndi imfa yokha. Munati cholakwika n'chakuti mnyamatayo anacheka mwamantha, pamwambamwamba, ngati akumeta khanda. Munati mubwera nokha kumapeto kwa mwezi uno ndi chitsulo chanu chija chobowolera ng'ombe zotupa mimba, mudzalowetse kamodzi kokha pakuya pake, nkhani ithe.

Kuchokera tsiku limenelo mzime wasintha. Phazi salikwezanso pampando. Mpongozi wanu akabwera ndi beseni amamuuza kuti, alamu musadzivute, n'kutsukiranji chinthu choti chiphwa posachedwa. Amalola pokhapokha ine nditaimirira pakhomo. Ndinamukhazika pansi ndi kumukumbutsa za bambo wa pabedi loyandikana uja. Anandiyankha kuti amene uja anachekedwa ndi anthu wamba, osati ndi Atate. Ndinamukumbutsa mawu a dokotala. Anati, achimwene, dokotala akuti sindichira, Atate akuti ndichira, inuyo mukanakhala ine mukanasankha ndani? Anandifunsanso ngati ndinaonapo ng'ombe ikufera m'manja mwanu.

Ndinamulanda malumo onse amene ndinawapeza m'chikwama chake. Anaseka, n'kunena kuti kulanda wometa lezala kuli ngati kuphwetsa mtsinje ndi supuni, golosale iliyonse imagulitsa. Akunena zoona. Ndikapita kuntchito sindidziwa chimene ndikachipeze pobwera. Ndimamasulira mawu a mboni, khutu lina lili kuchitseko cha khoti, kudikira mlonda.

Musaganize kuti ndanyoza luso lanu. Ndikukumbukira ng'ombe ija ya aneba imene inadya msipu wanthete wonyowa, n'kugwa m'khola mimba ili ngati ng'oma. Anthu anali atayamba kale kunola mipeni kuti nyama isawonongeke. Inu munafika panjinga, simunapereke moni kwa munthu, munagogoda mimbayo ndi zala mukumvetsera, munayeza ndi chikhatho kuchokera pafupa la m'chiuno, n'kubaya kamodzi. Mpweya unatuluka ndi mluzu, anthu anathawa fungo, ndipo ng'ombe inadzuka n'kuyamba kufuna udzu. Mzime anali paphewa panga tsiku limenelo kuti aone bwino. Kuyambira pamenepo, kwa iye dzanja lanu silingalakwe. Inenso m'khoti ndaona akatswiri ambiri a mapepala aakulu, ndipo ochepa okha ndi amene ndingawaike pambali panu.

Koma mpweya wa ng'ombe ija unali m'thumba limodzi, ndipo thumba lili ndi khomo. Mwendo wa mzime si mimba ya ng'ombe. Chitsulo chimene chinapulumutsa ng'ombe chidzatsegulira tizilombo msewu wolowa pakati penipeni pa mnofu umene sutha kudziteteza. Lumo losaya lija linatsala pang'ono kumupha. Nanga chitsulo chakuya?

Ndikukumbutsaninso lamulo lanu lomwe, limene munatiphunzitsa tili ana. Munthu akabwera kunyumba kudzapempha mankhwala, n'kumafotokoza mmene chiweto chake chikudwalira, inu munkakana. Munkati ng'ombe sichiritsidwa pakamwa pa mwini wake. Munkapalasa njinga mtunda wautali, mvula ikugwa, kuti mukaione, mukaikhudze, mukainunkhize. Mbuzi ya munthu wosamudziwa simunaipatsepo mankhwala musanaione. Mwendo wa mwana wanu simunauone chiyambire kutupa. Simunaukhudze. Munauweruza pafoni.

Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera kuchokera kwa mwana. Akuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma sanati mwana atsine khutu la atate wake. Komabe kukhala chete kukanakhala kukunyozani kwenikweni, ngati kuti ndinu munthu wosatha kumva umboni.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuimbire mzime, iye mwini, osadzera mwa ine kapena mwa Amayi. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti mawu aja mwawabweza, kuti mwendowo usachekedwe, usabayidwe, usamangidwe ndi munthu aliyense, kaya iye, kaya inu, ndipo kuti amvere dokotala pa zonse. Ine ndanena, sanamve. Dokotala wanena, sanamve. Munthu wa mwendo wonyamula ndi manja awiri wanena, sanamve. Mfundo imeneyi munamanga ndinu, ndipo palibe wina angaimasule.

Sindikupempha kuti munene kuti munalakwa. Munene kuti mwamva umboni umene poyamba munalibe. Oweruza akuluakulu amachita zimenezi pamaso pa anthu, ndipo ulemu wawo suchepa. Koma musazengereze kufikira kumapeto kwa mwezi, pakuti tsiku lililonse limene akudikira chitsulo ndi tsiku limene sakusamala mwendo, ndipo ndikuopa kuti angafune kukuchepetserani ntchito inu musanafike.

Ngati mufuna kubwera, bwerani. Ndidzakuchingamirani kudepoti, mudzagona pabedi langa, ndipo ndidzakuperekezani kwa dokotala kuti mumufunse nokha mafunso onse a ntchito yanu. Ndikukhulupirira kuti mudzamvana, popeza nonse awiri simukonda mawu ambiri. Mudzauone mwendowo, mudzaukhudze. Koma chitsulo chitsale kunyumba.

Ndinene poyera tsopano, kuti tisadzachititsane manyazi pamaso pa aneba. Mukafika nacho, simudzalowa m'nyumba mwanga. Ndidzakulonjerani pageti ndi ulemu wonse, ndidzakupezerani malo abwino ogona, chakudya chidzakupezani komweko chili chotentha, koma chitseko chidzakhala chokhoma ndipo kiyi adzakhala m'thumba mwanga. Chibadwire sindinakukanizenipo kanthu. Munati ndiphunzire, ndinaphunzira. Munati ndimutenge mng'ono wanga kutauni ndi kumuyang'anira ngati diso langa, ndinamutenga. Lamulo limenelo ndi limene ndikusunga lero, ngakhale pamaso pa amene analipereka.

Amayi muwauze monga muona kuyenera, ndi pa nthawi imene mtima wawo ungathe kunyamula. Sindinawalembere padera, kuti nkhaniyi ikhale pakati pa inu ndi ine kufikira mutayankha.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti juzi ija inamukwana mdzukulu wawo wamkulu, ndipo wamng'ono akulira kuti yake ili kuti. Moni kwa azakhali, ndi chiyembekezo chakuti maso awo akuona bwino chichitireni opaleshoni. Moni kwa amalume ndi banja lawo lonse, kwa mlongo wanga ndi alamu, ndi kwa ana awo. Mpongozi wanu akupereka moni mwaulemu, ndipo adzukulu anu akufunsa ngati njinga ya agogo ikadali ndi belu.

Mzime nayenso akupereka moni. Anandiona ndikulemba, koma sadziwa zimene zili m'kalatamu, akuganiza kuti ndikukonza za ulendo wanu. Wandipempha kuti ndikuuzeni kuti mumukhululukire, chifukwa dzanja lake linanjenjemera tsiku lija ndipo anakuwonongerani ntchito. Akuti ulendo uno adzagwira bedi ndi manja awiri, sadzasuntha, ndipo sadzalira.

Mumuyankhe ndinu, Atate.

Ndine mwana wanu wachisamba,
wokulemekezani lero monga kale.